"Ife tidamenyedwa koma tidakula": zipsera za paubwana m'maganizo a munthu wamkulu

Pali mawu amene timawamva kawirikawiri nkhani ya kaleredwe ka ana ikabuka, kaya ndi pa msonkhano wa mphakati, pa maphunziro a makolo a ana okonzekera Ukaristia woyamba, kapena pamaliro pamene abambo akuotha moto kudikira kuti kuche. Wina amati: "Ife tidamenyedwa, koma onani tidakula, ndife anthu." Onse amavomereza ndi phwete, ndipo aliyense amayamba kusimba za chikoti cha aphunzitsi a sitandade 4, za lamba wa malume, za mthiko wa mayi. Nafenso tidawanenapo mawu amenewa. Mbali yake yoyamba ndi yoona ndithu. Yachiwiriyo ndi imene tikufuna tiyiunike bwino, chifukwa ili ndi zambiri zimene sitiuzana.

Tiyambe tamvana pa chimene tikunena. Kudzudzula mwana ndi udindo wa kholo, ndipo palibe akutsutsa zimenezo. Nkhanza imene tikunena pano ndi kumenya mwana mpaka kutupa kapena kutuluka magazi, kumutchaya zibakera ndi kumuponda, kumukwapula ndi waya, payipi kapena chikuni, kumumanga ndi chingwe, kumuotcha manja chifukwa watapa ndiwo mumphika kapena watenga ndalama kukagula zitumbuwa. Nkhani za ana ootchedwa manja timazimva pa wayilesi chaka ndi chaka ndipo timagwira pakamwa. Koma pali nkhanza ina imene siifika pa wayilesi: kumenyedwa kwa tsiku ndi tsiku kumene mwana sadziwa n'komwe chifukwa chake, lero poti bambo abwera ataledzera, mawa poti mayi asowa mtendere ndi ngongole ya ku banki m'khonde. Tivomerezenso kuti malire a pakati pa chilango ndi nkhanza ndi opyapyala. Makolo ambiri amene adavulaza mwana sadadzuke ndi cholinga chomuvulaza. Adayamba ngati akulanga, mkwiyo n'kuwapitirira.

Ana a dzulo a m'chigwa muno

Chigwa cha Domasi, kuchokera m'munsi mwa mapiri a Zomba ndi Malosa kutsika ndi mtsinje mpaka ku minda ya mpunga ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa, chimadziwika ndi maphunziro. Amishoni a ku Scotland adatsegula mishoni yawo kuno m'chaka cha 1884. Kuno kuli koleji yosula aphunzitsi, ndiponso Malawi Institute of Education kumene amakonza zimene ana a dziko lonse amaphunzira. Choncho funso la mmene mwana ayenera kuongoledwera si lachilendo kwathu kuno.

Taganizirani anthu amene lero ali ndi zaka 30 mpaka 45, amene ndiwo akutsogolera miphakati, makwaya ndi mabungwe athu. Ubwana wawo udagwa m'nyengo yowawa. M'chaka cha 1994 sukulu za pulayimale zitakhala zaulere, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Mphunzitsi mmodzi, nthawi zina wosasulidwa mokwanira, ankaima patsinde pa mtengo ndi ana oposa 100, zida zake zili choko ndi kamtengo. Zaka zomwezo Edzi idatenga makolo ambiri, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere m'chaka cha 2004, ndipo ana adamwazikana kwa agogo, kwa azakhali, kwa malume, kwa bambo kapena mayi owapeza. Ambiri adalandiridwa ndi manja awiri, ndipo achibale amene adagawa kochepa komwe anali nako ayenera kulemekezedwa. Koma ena adasanduka antchito m'nyumba za abale awo. Kenaka idabwera njala ya 2001 ndi 2002, pamene chimanga chimodzi cha m'munda mwa eni chinkatha kumenyetsa munthu koopsa, wamkulu ndi mwana yemwe.

M'chaka cha 2013 unduna woona za amayi ndi ana, mogwirizana ndi UNICEF, bungwe la CDC la ku America ndi Centre for Social Research ya Yunivesite ya Malawi konkuno ku Zomba, udafunsa achinyamata oposa 2,000 a zaka 13 mpaka 24 m'dziko lonse. Mwa amene anali ndi zaka 18 mpaka 24, atsikana 42 mwa 100 aliwonse ndi anyamata 64 mwa 100 aliwonse adati adamenyedwapo mwankhanza asanakwane zaka 18, kaya ndi makolo, achibale, aphunzitsi, anzawo kapena abwenzi. Akatswiri amene adasanthula mayankhowo adapezanso kuti amene adachitiridwa nkhanza ankavutika maganizo kuposa anzawo, ndiponso kuti anyamata otere ndi amene ankapezeka kwambiri akumenya akazi kapena zibwenzi zawo. Ziwerengerozi ndi za dziko lonse, koma palibe chifukwa choganizira kuti vutoli lidalambalala chigwa chathu. Achinyamata aja lero adutsa zaka 30. Ndi amene timakhala nawo pa benchi Lamulungu.

Thupi limaphunzira mantha

Tidalengedwa ndi njira yodzitetezera. Munthu akaona njoka panjira, kachigawo kena ka ubongo kotchedwa amygdala kamaliza mfuu iye asanaganize n'komwe. Thupi limatulutsa mahomoni a adrenaline ndi cortisol: mtima umagunda msanga, mpweya umathamanga, minofu imakungika, kuti athawe kapena alimbane nayo. Njoka ikapita zonse zimabwerera m'chimake. Mwana wamng'ono satha kudzitonthoza yekha. Amathamangira kwa mayi ake n'kubisala m'chitenje, ndipo ndi m'menemo ubongo wake umaphunzira kuti mantha amabwera n'kutha.

Nanga choopsacho chikakhala munthu yemweyo amene mwana amayenera kuthawirako? Apa ndiye pagona nkhani. Mwana sangathawe, sangabwezere, ndipo mawa adzafunabe nsima kuchokera m'dzanja lomwelo. Chimene amachita ndi kukhala tcheru usana ndi usiku. Amaphunzira kumva mapazi a bambo akali kutali n'kudziwa ngati amwa. Amawerenga nkhope ya mayi iwo asanatsegule pakamwa. Katswiri wina wa ku Yunivesite ya Wisconsin, Seth Pollak, adaonetsa ana zithunzi za nkhope zosaoneka bwino zimene zinkamka zioneka pang'onopang'ono, ndipo ana omenyedwa mwankhanza ankazindikira nkhope yaukali msanga kuposa anzawo. M'chaka cha 2011 Eamon McCrory ndi anzake ku London adajambula ubongo wa ana ochokera m'mabanja a nkhanza. Ataonetsedwa nkhope zaukali, zigawo za ubongo zochenjeza za ngozi zinkagwira ntchito mopitirira, mofanana ndi mmene zimaonekera mwa asilikali amene adakhalapo kunkhondo.

Luso limeneli limamupulumutsa mwana m'nyumba yoopsa. Vuto lake ndi loti silichoka iye akatuluka m'nyumbamo. Amakhala ngati mlonda amene adaberedwa kambirimbiri, amene tsopano amakuwa ngakhale tsamba likangothothoka mumtengo. Wakula, wakwatira, amene ankamumenya mwina adagona kale kumanda, koma thupi likadali pa ulonda.

Palinso chimene mwana amaphunzira za iye mwini. Mwana wa zaka 6 sangathe kunena kuti "bambo anga ali ndi vuto". N'kosavuta kwa iye kukhulupirira kuti woipa ndi iyeyo, makamaka poti ndodo siyenda yokha. Imayenda ndi mawu monga "chitsiru iwe", "galu", "sudzaphula kanthu". Mikwingwirima imapola pakatha sabata. Mawuwo munthu amayenda nawo, ndipo pa ukulu amadzinenera yekha.

Mmene zimaonekera pa ukulu

Tiyerekeze bambo wa zaka 40, mlimi wa mpunga kusikimu, wolimbikira ntchito, wosajomba ku Misa. Tulo sagona bwino, chitseko chikamenyetseka amadzidzimuka. Mwana akataya madzi a m'ndowa amapsa mtima ngati nyumba yapsa, dzanja limanyamuka lokha, ndipo pambuyo pake amakhala kuseri kwa nyumba ndi manyazi osaneneka. Adazindikira kale kuti kachasu amaziziritsa mtima kwa maola angapo. Anthu amati ndi wa mtima wapachala, adatengera bambo ake. Tiyerekezenso mayi amene sakana chilichonse, amapepesa ngakhale sadalakwe, mwamuna akamumenya amati mwina ndidaputa ndine. Mutu, msana ndi pachifuwa sizimupatsa mpata. Kuchipatala amuyeza malungo kangapo osapezeka. Mukamufunsa amangoti, "Ndimaganiza kwambiri." Anthu awiriwa tawapeka, koma palibe katekisiti amene sangawazindikire.

Madokotala adayamba kuona kukula kwa nkhaniyi m'chaka cha 1998, pamene Vincent Felitti ndi Robert Anda adatulutsa zotsatira zoyamba za kafukufuku amene adakhudza anthu akuluakulu oposa 17,000 mumzinda wa San Diego ku America. Adawafunsa za zowawa za paubwana, monga kumenyedwa, kunyozedwa, kugwiriridwa, kuona mayi akumenyedwa, kukhala ndi kholo lachidakwa. Amene adakumana ndi mitundu inayi kapena kuposerapo anali pa chiopsezo cha matenda a kukhumudwa kwakukulu kuwirikiza kanayi, cha uchidakwa kuwirikiza ka 7, ndi cha kuyesa kudzipha kuwirikiza ka 12, poyerekeza ndi amene sadakumane ndi chilichonse. Anthuwa sadali amphawi. Ambiri adali ophunzira ndiponso apantchito. M'chaka cha 2012 Rosana Norman ndi anzake ku Australia adasonkhanitsa akafukufuku 124 a m'maiko osiyanasiyana. Adapeza kuti munthu amene adamenyedwa mwankhanza ali mwana, chiopsezo chake cha matenda a kukhumudwa chimakwera ndi theka, cha mankhwala ozunguza bongo chimawirikiza pafupifupi kawiri, ndipo cha kuyesa kudzipha chimaposa katatu. Chaka chomwecho akatswiri ena ku London adaonetsa kuti mwa anthu otere matenda a kukhumudwa amakonda kubwererabwerera ndi kukhalitsa.

Wina angati zimenezo ndi za nkhanza zenizeni, osati kambama kapena kamtengo ka m'miyendo. N'zoona kuti nzosiyana kukula kwake. Komabe m'chaka cha 2016 Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor ataunika akafukufuku a zaka 50 okhudza ana oposa 160,000, sadapeze umboni woti kukwapula kotere kumakonza khalidwe la mwana. Adapeza kuti kumayendera limodzi ndi ndewu, kusamvera ndi mavuto a maganizo, mbali yomweyo imene nkhanza zazikulu zimalozera. Mwana amasiya choipacho pamaso pathu. Chimene waphunzira ndi kusagwidwa.

Ife amuna tiyenera kuima pang'ono pano. Anyamata ndi amene amamenyedwa kwambiri, ndipo ndi omwewo amene timawauza kuti mwamuna salira. Malipoti a apolisi a zaka zaposachedwa akhala akuonetsa kuti ambiri mwa odzipha m'Malawi muno ndi amuna. Zifukwa zimene zimatchulidwa ndi ngongole ndi mikangano ya m'banja, ndipo nzoona. Koma ngongole imodzimodzi imagwera anthu awiri, wina n'kupita kukapempha nzeru kwa mbale wake, wina n'kuona ngati yatsimikiza chimene adauzidwa ali mwana, kuti iye ndi wopanda pake.

Maina amene timapereka

Munthu wotere tikamuona timafulumira kutchula dzina la vuto lake: walodzedwa, ali ndi mizimu, ndi waulesi, chikhulupiriro chake n'chochepa. Za chipatala sitifuna kuzimva. M'madera ena a dziko lino kungonena kuti "ameneyu apite ku Zomba" ndi chipongwe, ndipo ife amene tili pa mtunda wosakwana makilomita 20 kuchokera ku chipatalacho timachiopa chimodzimodzi. Manthawa ali ndi mbiri yake: odwala maganizo adayamba kusungidwa m'chigawo cha ndende ya Zomba m'chaka cha 1910, ndipo chipatala chenicheni chidatsegulidwa mu 1953. Mpaka lero ambiri akamva za matenda a maganizo amaona munthu wovula wotola zinyalala pamsika wa Songani. Koma ochuluka mwa amene tikunena pano sadzafika pamenepo, ndipo safunika kugonekedwa. Amalima, amaphunzitsa, amayimba kwaya, ena amawerenga mawu paguwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga Buku Loyera?

Funsoli akatekisiti amakumana nalo, ndipo sitiyenera kulizemba. Miyambo 13:24 ndi mutu 30 wa buku la Mphunzitsi Sira amanena za ndodo polera mwana, ndipo Katekisimu wa Mpingo wa Katolika amatchula ndime ya Sira ija pa nambala 2223. Koma pamalo omwewo amatchulanso Aefeso 6:4, pamene Paulo Woyera akuchenjeza atate kuti asapsetse mtima ana awo, ndipo nambala 2222 ikuti makolo aziona ana awo ngati ana a Mulungu, oyenera ulemu wa umunthu. Pa Akolose 3:21 Paulo akupereka chifukwa chake: ana ozunzidwa amataya mtima. Zimene madokotala akuyeza lero ndi makina ndi kutaya mtima komweko.

Augustino Woyera, amene adabadwa m'chaka cha 354, adalemba buku lake la Confessiones atapitirira zaka 40, ali kale episkopi wa ku Hippo. Ngakhale padali patapita nthawi yaitali chotero, adakumbukirabe mmene ankakwapulidwira kusukulu, mmene ankapempherera ali kamwana kuti asamenyedwe, ndi mmene akuluakulu, makolo ake omwe, ankasekera mikwingwirima yake. Munthu ameneyu adakula, adakhala mphunzitsi wamkulu wa Mpingo, koma kusekedwa kuja sadakuiwale. Yohane Bosco Woyera, amene adalera anyamata a m'misewu ya ku Turin, ana ovuta kuposa athu a ku Tilitonse, adalemba m'chaka cha 1877 kuti aphunzitsi ake apeweretu kumenya kwa mtundu uliwonse, kugwaditsa mwana mopweteka ndi kukoka makutu. Malemu Papa Francis, m'kalata ya Amoris Laetitia ya 2016, adaphunzitsa kuti mwana wolakwa adzudzulidwe ndithu, koma asasanduke mdani kapena pophwetsera mkwiyo wa kholo. Ngati pakona pa tchalitchi chathu cha kunthambi pali kamtengo kodikira ana a katekisimu, tili ndi zifukwa zokwanira zokachotsa.

Chimene chimathandiza

Chiopsezo si chiweruzo. Anthu ambiri amene adamenyedwa ali ana sadwala maganizo, ndipo si aliyense wovutika maganizo amene adamenyedwa. Joan Kaufman ndi Edward Zigler a ku Yunivesite ya Yale adayerekeza m'chaka cha 1987 kuti mwa ochitiridwa nkhanza, pafupifupi mmodzi mwa atatu ndi amene amadzachitiranso nkhanza ana ake. Awiri enawo amadula chingwecho. Emmy Werner adatsatira ana 698 obadwa m'chaka cha 1955 pa chilumba cha Kauai kufikira atakwana zaka 40. Mwa amene adakulira mu umphawi ndi m'mabanja a chisokonezo, amene adakula bwino adali ndi chinthu chimodzi chofanana: munthu wamkulu mmodzi amene ankawasamala mosasinthasintha, kaya gogo, zakhali, mphunzitsi kapena wa kumpingo. Amene timati "tidamenyedwa koma tidakula", tikafufuza bwino mwina tipeza kuti chidatikuza si ndodo, koma agogo aja amene tinkathawira kuseri kwawo, amene ankatisungira mbatata m'phulusa.

Kwa munthu wamkulu, chithandizo chimayamba pamene wina wamumvera osamudula mawu. Ku Harare dokotala Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumacheza ndi anthu oganiza kwambiri, kuwathandiza kusankha vuto limodzi ndi kupeza njira yake. Pa kafukufuku wa 2016, patapita miyezi 6, anthu 14 okha mwa 100 amene adakhala pa benchi ndi amene adali ndi zizindikiro za kukhumudwa kwakukulu, pamene mwa amene adalandira chithandizo cha masiku onse adali 50. Njirayi yayesedwaponso m'zipatala zina za m'Malawi muno. Katekisiti si dokotala, koma kumvera angathe. Munthu akayamba kusimba za ubwana wake, tisathamangire kumuuza kuti zidapita kalekale, kapena kuti tonse tidadutsa momwemo. Tisamukakamize kufotokoza zimene sadakonzeke kunena, ndipo zimene watiuza zisakamveke kuchitsime.

Tidziwenso pamene mphamvu zathu zathera. Munthu amene watha masabata awiri kapena kuposerapo osagona, osadya, osafuna kugwira ntchito, kapena amene wayamba kunena kuti bola kufa, apite kuchipatala, ndipo timuperekeze. Kumufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo. Nthawi zambiri kumamupeputsa. Poyambira ndi chipatala cha pafupi, monga cha Domasi, ndipo iwo ndi amene angamutumize ku Zomba ngati nkofunika. Mu Mpingo wathu momwemuno, a St John of God akhala akusamalira odwala maganizo ku Mzuzu kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo ali ndi ntchito yomweyo ku Lilongwe. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana. Zikachitika kuti wina wadzipha, tikumbukire kuti Katekisimu pa nambala 2282 ndi 2283 amavomereza kuti kuvutika kwakukulu kwa maganizo kumachepetsa kulakwa kwa munthu, ndipo Mpingo umawapempherera anthu otere. Banja lofedwa lisatuluke pamaliro ndi katundu wachiwiri wochokera pakamwa pathu.

Za mwana amene akuzunzidwa lero lino, lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 limapereka kwa makolo udindo womuteteza ku nkhanza, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Nambala yaulere ya 116, imene imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO la ku Zomba, imalandira nkhani zotere. Kulinso nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndi ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu. Kukuwa kumene timakumva usiku kuchokera kunyumba yoyandikana nafe si nkhani ya m'banja la eni yokha.

Pali nkhani ina yovuta imene imafika kwa ansembe ndi akatekisiti mwakachetechete. Kholo limene linkamenya lakalamba, maso achita khungu, miyendo yafooka, ndipo amene akuliphikira phala ndi kulisambitsa ndi mwana yemwe uja ali ndi chipsera padzanja. Kuno kwathu kumene banja limatsata kuchikazi, kawirikawiri amakhala mwana wamkazi amene adatsala pamudzi. Amabwera kudzalapa kuti akamagwira thupi la mayi ake mtima umamuwira, ndipo akuopa kuti akuphwanya lamulo lachinayi. Kumuuza kuti angokhululuka n'kuiwala ndi kumusenzetsa katundu wina. Kukhululuka sikunena kuti zimene zidachitika zidali zabwino, ndipo thupi siliiwala chifukwa choti talilamula. Tingamuuze kuti mkwiyo umene ukubwera wokha si tchimo, kuti phala limene akuphikalo ndi ulemu kale, ndiponso kuti kupempha abale ake kuti azisinthana naye si kuthawa udindo. Makolo ena okalamba amafika ponena kuti "mwana wanga, ndidakulakwira". Ambiri amamwalira asadanene, ndipo mwanayo amafunika womuyendera ngakhale sadaka itapita.